Njinga yakhala m'nyumba masabata atatu, ndikuopa maso a anthu

WakuSanthe_91
Moni nonse. Uthengawu ndaulemba n'kuufufuta katatu ndisanatumize. Ndinamaliza digiri zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndinagwirako ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe mpaka chaka chatha pamene ndalama za pulojekiti zinatha. Ndinabwerera kuno ku Kasungu ndi mayi a kunyumba ndi mwana wathu. Makalata ofunsira ntchito ndalemba mpaka dzanja kuwawa. Tindalama tomwe tinatsala ndinagulira njinga yamoto kuti ndiyambe kabaza pa boma. Njinga ndi yabwinobwino, mapepala onse alipo, koma ino ndi sabata yachitatu ili pabalaza, yofunditsidwa chitenje ngati mkwatibwi. M'mawa uliwonse ndimavala jekete, ndikafika pakhomo miyendo imalemera. Ndimangoona anthu akulozerana kuti "wa ku yunivesite uja si uyo, akuitanira pa siteji." Mayi a kunyumba anasiya kuyankhulapo, amangoipukuta fumbi. Mantha amenewa amatha bwanji? Musandinyoze, ndadzinyoza kale ndekha.

Kabaza_Mfumu
Aise bweretsa makiyi ndiziyendetsa ine, madzulo uzilandira ya tsiku. Manyaziwo usunge wekha, ndalama tizigawana kkkk

NaPhiri_Kaunjika
Manyazi anapha lambe achimwene. Ine ndinali mlembi mu ofesi, nsapato za gogoda tsiku lililonse. Ntchito itatha ndinayamba kuyala kaunjika pansi mu msika. Tsiku loyamba ndinavala chipewa chachikulu mpaka m'maso, ndikaona munthu wondidziwa ndinkawerama ngati ndikusankha zovala ngati kasitomala. Lero omwe ankandiseka aja ndi amene amandiimbira kuti "mukatsegula belo mundisungire madiresi awiri, ndidzalipira pakutha pa mwezi."

Dzungu_Lagwa
Digiri sadya bwana. Tulutsani njinga.

WakuSanthe_91
@Dzungu_Lagwa zimenezo ndikuzidziwa, mutu ukuvomereza. Chikukana ndi m'mimba.

MphunzitsiWopuma
Mwana wanga, ndilole nditalikitseko, ife opuma ntchito nthawi tili nayo yambiri. Matenda akowa anthu ena anawaganizira mozama zaka zoposa 2,000 zapitazo. Cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, munthu wina dzina lake Zeno, wa ku chilumba cha Cyprus, anayamba kuphunzitsa mu mzinda wa Athens. Analibe kalasi, ankaphunzitsira pa khonde lina la pafupi ndi msika, ndipo khonde lotero m'Chigiriki ndi stoa. N'chifukwa chake otsatira ake amatchedwa Asitoiki. Kunena kwathu kuno tikanati a m'khonde, monga timanenera banki mkhonde.

Zeno yemweyo poyamba anali wamanyazi ngati iwe. Nkhani imati mphunzitsi wake, Crates, anamusenzetsa mphika wa mphodza zophika kuti adutse nawo pakati pa anthu. Zeno anayesa kuubisa m'chovala. Crates anangotenga ndodo n'kuuphwanya, msuzi n'kuyenderera m'miyendo, mnyamata n'kuliyatsa liwiro. Mphunzitsi anamufunsa kuti akuthawa chiyani, popeza palibe choopsa chamuchitikira.

Koma amene anayala bwino nkhaniyi ndi Epictetus, yemwe anabadwa cha m'ma 50 Yesu atabadwa, nakulira mu ukapolo ku Rome, wolumala mwendo. Iye ankati zinthu zili pawiri. Zina zili m'manja mwako: momwe ukuonera chinthu, chomwe wasankha, chomwe ukuchita. Zina sizili m'manja mwako, ndipo pa mndandanda umenewu anaikapo thupi, chuma, udindo ndi mbiri. Mbiri yako imakhala m'mitu ya anthu ena, ndiye mwini wake si iwe. Kuvala jekete, kuliza njinga, kuyendetsa mosamala, kubweza chenji cholondola, zimenezo ndi zako. Zomwe anene munthu wakhala pa benchi ya pa golosale ndi zake. Iwe masabata atatu onsewa wakhala ukulima m'munda mwa eni, wako uli thengo.

Chinkhoma_Belo
Madala mwayamba bwino koma izi ndi nzeru za azungu. Iwowa amakhala aliyense mu mpanda mwake, neba samudziwa dzina. Kuno munthu ndi anthu. Ukati "zonena anthu sizindikhudza," tsiku la maliro udzakumba manda wekha. Kali kokha n'kanyama.

Mwana_waChulu
Azungu ake ati? Bambo anena kuti munthuyo anali kapolo wopunduka mwendo. Mpanda anautenga kuti?

MphunzitsiWopuma
@Chinkhoma_Belo funso lanu ndi labwino ndipo ambiri amapunthwa pomwepo. Asitoiki sanaphunzitse kuti munthu akhale kanyama. Marcus Aurelius, amene analamulira ufumu wa Rome kuyambira 161 mpaka 180, ankadzilembera yekha timawu todzikumbutsa, ndipo m'menemo anati anthu tinalengedwa kuti tizigwirira ntchito limodzi ngati manja awiri, mapazi awiri, mano a m'mwamba ndi a m'munsi. Penanso anati chimene chili choipa kwa gulu lonse la njuchi sichingakhale chabwino kwa njuchi imodzi. Amenewo si mawu a umunthu?

Kumaliro pitani, kuntchito ya chitukuko pitani, mnzanu akadwala kamuoneni. Zonsezo ndi zochita zanu, zili m'manja mwanu. Chomwe ankakana ndi kupereka mtima wako kwa aliyense wodutsa kuti aziusewera. Epictetus ankati munthu wina atatenga thupi lako n'kulipereka kwa mlendo wa mumsewu ungakwiye, koma maganizo ako umawapereka wekha kwa aliyense amene wakunyoza, osachita nazo manyazi. Mnyamatayu makiyi a njinga sangapatse munthu wosamudziwa pa depoti. Koma tsiku lake lonse walipereka kwa anthu omwe sanayankhule n'komwe.

Kabaza_Mfumu
Makiyi wakana kundipatsa ine amene, ndiye apatse wa pa depoti? kkkk

MlalikiWaNkhamenya
Abale, bwanji tikuthamangira kwa anthu akunja pamene Mawu alipo? Miyambo 29:25 ikunena kuti kuopa anthu kumatchera msampha. Asitoiki amenewa Paulo anakumana nawo ku Athens, werengani Machitidwe 17:18, ndipo ena mwa anzeru a kumeneko anamutcha wolongolola. Marcus amene mukumuyamikirayo, mu ulamuliro wake Akhristu anaphedwa ku Lyon m'chaka cha 177. Mbale wa ku Santhe, gwada pansi, mantha ndi mzimu.

MphunzitsiWopuma
Abusa, za ku Lyon ndi zoona, sindikubisa. Inenso ndine mkulu wa mpingo kwathu kuno. Koma Paulo yemweyo pa bwalo la Areopagi ku Athens konko sanachite manyazi kubwereza mawu a alakatuli awo pamene anaona kuti anena zoona. Ndipo poti mwatsegula Machitidwe, pitirirani ku mutu 18. Galiyo amene anakana kuweruza mlandu wa Paulo ku Korinto uja anali mchimwene wake wa Seneca, mmodzi mwa Asitoiki odziwika kwambiri. Anthuwa ankayenda m'misewu imodzi. Mnyamata apemphere, ndikuvomereza, koma akati ameni atulutse njinga.

MlalikiWaNkhamenya
Za Galiyo sindinkazidziwa. Komabe Miyambo 22:1 ikuti mbiri yabwino iposa chuma chambiri. Ndiye musatiuze kuti mbiri ilibe ntchito.

Mwana_waChulu
Koma Chigiriki chikuphunzitsidwa pa Mtunthama pomwepa ife tikumvera pa foni kkkk. Kamuzu Academy chitsegulireni mu 1981 ana akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ndiye zoti ndi zachilendo ku Kasungu sindikuvomera.

Ngwazi_Yokha
Poti mwatchula Ngwazi. Mwana wa kuno kwathu ameneyu anayenda wapansi kuchoka kuno, anakagwira ntchito wamba pa chipatala ku Hartley ku Rhodesia, kenako ku migodi ya ku Joni, asanapite ku America kukaphunzira udokotala. Akanati aziopa kuti anthu anena chiyani bwenzi dziko lino lili kuti? Atsogoleri a masiku ano...

Dzungu_Lagwa
Ayamba. Nthawi ya Ngwazi yanuyo ndiye anthu ankaopana zenizeni, ngakhale m'nyumba mwako umayankhula monong'ona. Khadi ya chipani pa msika mwaiwala?

Ngwazi_Yokha
Iwe unali usanabadwe, khala chete.

Adimini_KU
Ndale ayi. Malamulo a gulu mukuwadziwa. Wina akapitiriza ndimutulutsa. Bwererani ku njinga.

NaBanda_Chamama
Ine ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndiwafunse a MphunzitsiWopuma mwaulemu. Bambo, inu ndinu mwamuna. Mwamuna akanenedwa, anthu amaseka n'kuiwala. Ife amayi tikanenedwa zimafika ku nyumba. Nditayamba kupita ku Chipata kukaoda zitenje, anthu anayamba kunena kuti mkazi wogona kunja sayenda yekha. Mawuwo anafika kwa alamu anga, kuchoka apo kwa ankhoswe, mpaka tinakhala pa mphasa. Banja linatsala pang'ono kutha chifukwa cha pakamwa pa anthu omwe sanandionepo ndi mwamuna aliyense. Ndiye mukati mawu a anthu sali m'manja mwanga ndikuvomera, koma mukati sandipweteka ndikukana. Nanga agogo omwe amanenedwa za ufiti n'kuwotcheredwa nyumba, tiwauze kuti ndi maganizo awo chabe?

NaPhiri_Kaunjika
Apa mwalasa achemwali.

MphunzitsiWopuma
Mayi, mwandigwira pabwino ndipo sindithawa. Ndikanama ndikati miseche siwononga. Imathetsa mabanja, imachotsetsa anthu ntchito, ndipo za agogo mwanenazo zimaphetsa. Pamenepo sipofunika filosofi yokha, pafunika mfumu ndi polisi. Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo m'dziko muno, ndipo kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Asitoiki ankawerenga chilungamo ngati limodzi mwa makhalidwe anayi akuluakulu, pamodzi ndi nzeru, kulimba mtima ndi kudziletsa. Woona gogo akuzunzidwa n'kunena kuti "sizili m'manja mwanga" sanamve phunziro, wangopeza pobisalira.

Izi zikuyankhanso abusa pa za mbiri. Iwo sankati mbiri yabwino ndi yachabe. Ankaiika pamodzi ndi thanzi ndi chuma: zinthu zoti ukapatsidwa mwayi usankhe kukhala nazo, uzisamale, koma usagulitse khalidwe lako kuti uzipeze, chifukwa mawa zikhoza kulandidwa iwe osalakwa.

Tsono ndikufunseni mayi. Pa mphasa paja munatani? Ku Chipata munasiya?

NaBanda_Chamama
Sindinasiye. Ndinatulutsa malisiti ndi kabuku ka banki mkhonde, ndinawauza ankhoswe kuti fizi ya ana ikuchokera m'zitenje zomwezo, amene akufuna ndisiye abweretse yake. Koma ndinalira miyezi iwiri, musaganize kuti zinali zophweka. Ndipo alamu anga aja mpaka lero timangopatsana moni wa pamsewu.

MphunzitsiWopuma
Ndiye ine ndilibe choti ndikuphunzitseni. Munachita mbali yanu, ya alamu munawasiyira eni.

Chinkhoma_Belo
Komabe ine ndikuti pali manyazi ena abwino. Mwana wopanda manyazi timati ndi wosalangidwa. Kuno tikuona anyamata akutukwana akuluakulu pa Facebook ati "sindisamala za anthu." Amenewonso ndi Asitoiki? Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwana_waChulu
Amenewo ndi amwano chabe madala.

MphunzitsiWopuma
@Chinkhoma_Belo tikugwirizana tsopano. Ku Rome kunali Cato, munthu wa udindo, amene nthawi zina ankayenda mumsewu wopanda nsapato, n'kumavala zakuda pamene anzake ankapikisana ndi zofiirira zowala. Olemba mbiri yake amati ankadzizoloweza kuchita manyazi ndi zinthu zochititsadi manyazi zokha. Kuba fetereza wa kuponi ya gogo n'kochititsa manyazi. Kumenya mkazi, kudya ndalama za chipepeso, kuthawa mimba, zimenezo munthu azigwetsa nazo nkhope. Kunyamula munthu pa njinga n'kulandira ndalama yomwe mwagwirizana, cholakwa chili pati?

Za kutsina khutu, Marcus analemba kuti wina akamuonetsa kuti walakwa asintha mokondwa, chifukwa choonadi sichinapwetekepo munthu. Ndiye mawu akabwera, funso ndi limodzi: ndi oona? Ngati ndi oona, konza. Ngati ndi abodza, wanamayo ndiye ali ndi vuto. Epictetus anali ndi kanthabwala kake. Ankati ukamva kuti wina akukunena, usadziteteze, ungoti munthuyo sakudziwa zolakwa zanga zina, akanazidziwa sakanatchula zokhazi.

Dzungu_Lagwa
Imeneyo ndiye ndaitenga, ndikayesa pa apongozi Lamulungu.

Kabaza_Mfumu
Udzatiuze uli ku chipatala wodi yanji kkkk

Tadala_KU
Koma kunena zoona, mfumu ya dziko lonse kulemba kuti musamaope anthu n'kosavuta. Ndani akanamuseka? Seneca nayenso ndinamva kuti anali mpondamatiki. Olemera amakonda kutiuza osauka kuti ndalama si kanthu.

MphunzitsiWopuma
Seneca analidi wolemera kwambiri ndipo a m'nthawi yake omwe ankamunena za zimenezo. Mathero ake, Nero, mfumu ya ku Rome imene iye anaiphunzitsa, anamulamula kuti adziphe m'chaka cha 65. Koma ngati olemera akukukayikitsa, tenga Cleanthes. Anafika ku Athens ali wosauka, usiku ankatunga madzi othirira m'madimba mwa anthu kuti masana akaphunzire kwa Zeno. Anzake ankamuseka, ena kumutcha bulu chifukwa ankachedwa kumva. Iye anavomera, n'kunena kuti ndiye yekha angathe kusenza katundu wa Zeno. Zeno atamwalira, amene anatsogolera sukulu ija ndi wotunga madzi yemweyo. Waganyu wa m'dimba.

Nesi_waUsiku
Ndiwonjezereko za kuntchito. Uphungu wa maganizo womwe umagwiritsidwa ntchito masiku ano pa nkhawa unatengako kwa anthu omwewa. Albert Ellis wa ku America, amene anayambitsa njira yake m'zaka za m'ma 1950, ankanena poyera kuti anaphunzira kwa Epictetus mfundo yoti chimatisautsa si chinthu chenichenicho koma zomwe tikudziuza za chinthucho. Ankatumanso anthu kukachita dala tinthu tochititsa manyazi pagulu kuti aone kuti safa. Mphika wa mphodza womwe uja.

Achimwene a ku Santhe, musadikire kuti mantha athe kaye. Amatha mukuyenda. Mawa tulutsani njinga 5 koloko m'mawa, zungulirani mpaka pa msika n'kubwerera, osanyamula munthu. Mkuja mukaime pa siteji ola limodzi. Koma ngati tulo takana kwa masabata, chakudya sichikulowa, kapena mukuganiza zodzipweteka, bwerani kuchipatala, zimenezo si za pa gulu.

Ndipo chonde helemeti. Zomwe timaona usiku ku wodi ya amuna sindingazilembe pano.

NaPhiri_Kaunjika
Ine ndili ndi funso limodzi kwa mwini nkhani. Mukuti "anthu, anthu." Tatchulani m'mutu mwanu asanu, mayina awo enieni. Musalembe pano. Mungotiuza kuti mwapeza angati.

WakuSanthe_91
Ndakhala ndi funso lanuli kuyambira masana. Anzanga a ku sekondale ndikawaganizira mmodzimmodzi, ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Joni, otsala kuno nawonso akuvutika ngati ine. Aphunzitsi anga akale mwina sangandizindikire n'komwe mu helemeti. Ndatsala ndi munthu mmodzi. Bambo anga. Anagulitsa ng'ombe ziwiri ndi fodya wa zaka zitatu kuti ine ndiphunzire, azichemwali anga awiri anasiyira panjira. Tsiku lomwe ndinavala gauni anabwereka suti. Kumudzi amawatchula kuti bambo a graduweti. Sindinawauze n'komwe kuti ndinagula njinga.

Kabaza_Mfumu
Eee. Apa ndasiya nthabwala aise.

Chinkhoma_Belo
Mwaona? Si "anthu" amenewo, ndi kholo. Ameneyo sungamuike pa mndandanda wa zinthu zosakukhudza. Pita ku Santhe ukakhale nawo pansi, amve kwa iwe asanamve kwa oyenda pa minibasi.

MphunzitsiWopuma
Ndikuvomerezana ndi a Chinkhoma_Belo mawu onse. Kupita, kugwada, kunena zoona mwaulemu, zimenezo ndi zako ndipo ndi ngongole yako ngati mwana. Momwe akazilandirire ndi zawo. Usanapite, khala pansi uganizire mawu owawa kwambiri omwe angakuuze, uwamve m'mutu mpaka kumapeto. Marcus m'mawa ankadziuziratu kuti lero akumana ndi anthu osayamika, amwano ndi ansanje, kuti akakumana nawo asadzidzimuke. Bambo ako si amwano, koma akhoza kulankhula zopweteka chifukwa nawonso akuopa anthu a pa bwalo la bawo. Matenda ndi amodzi, mwangosiyana zaka.

MlalikiWaNkhamenya
Ndikupempherera ulendowo mbale.

Tadala_KU
Pepani kusokoneza, petulo alipo pa boma lero? Ndikuchokera ku Chatoloma.

Kabaza_Mfumu
Analipo m'mawa, mzere unali wautali. Fulumira.

WakuSanthe_91
Ndabweranso patapita masiku asanu, ena mumafunsa ku inibokosi. Loweruka ndinapita ku Santhe pa njinga yomweyo. Ndikanakonda kukuuzani kuti bambo anandikumbatira, koma ayi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ng'ombe zanga ziwiri zija zinagula kabaza?" Anadzuka n'kupita kudimba, sanabwerenso mpaka ine kunyamuka. Mawu amenewo ndinali nditawaganizira kale monga munanenera a MphunzitsiWopuma, komabe anawawa. Mayi anandiperekeza mpaka pa msewu osanena kanthu, kenako anandipatsa thumba la mtedza kuti ndikatule kwa azakhali pa Bua, n'kundikakamiza kulandira ya petulo.

Lolemba ndinaima pa siteji. Manja ankanjenjemera mpaka njinga inazima kawiri. Ndinanyamula anthu asanu ndi awiri. Wachinayi anali mnzanga wa Fomu 4, anandizindikira mawu. Ndinadikira kuti aseke. Iye anangoti "aise ndiwe? Ndiye undichotsereko," n'kuyamba kunenerera mtengo njira yonse mpaka pa chipatala. Madzulo mayi wina woyandikana nafe anauza mayi a kunyumba kuti "sukulu ya masiku ano ndi yongotayira ndalama," ndiye kunenedwa ndikunenedwa ndithu. Bambo sanayankhebe foni.

NaBanda_Chamama
Apatseni nthawi, koma musasiye kuwaimbira. Ndipo mwezi ukatha musapite chimanjamanja, ngakhale shuga ndi sopo.

Dzungu_Lagwa
Mnzako wa Fomu 4 uja unamuchotsera?

WakuSanthe_91
Ndinamuchotsera 200. Mpaka pano ndikudandaula.

Kabaza_Mfumu
Ndiye ndiwe wa jekete yabuluu uja unaima kutsogolo kwa mzere ngati siteji ndi ya agogo ako? Tinakusiya dala poti unali mlendo. Mawa ufike 6 koloko uonane ndi tcheyamani, ulembetse dzina, ulipire ya umembala, ndipo uziyambira kumbuyo ngati aliyense. Giya yachiwiri ukuichedwetsanso, ndidzakuonetsa.